Nkhokwe ya Mapesi

Anthu akamakamba za njala ya 1949 amayambira pa mvula, kuti inadula pa Khirisimasi. N'zoona inadula. Koma m'nyumba mwathu, m'mudzi wina kufupi ndi Khombedza, njala inalowa mvula isanagwe n'komwe, ndipo amene anaitsegulira chitseko ndine. Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. Ndilemba monga ndikukumbukira, ndipo pamene ndinalakwa sindibisa. Koma sindinalakwe ndekha.

Okutobala

Panyumba tinalipo anayi: amayi, alongo anga a Esitere, mwana wawo Lute wa zaka zitatu, ndi ine. Bambo anamwalira ndili wamng'ono. Alamu anga anapita ku Halale Lute asanabadwe, kalata yawo inabwera imodzi yokha. Atsibweni athu nawonso anali atangomwalira kumene, choncho umwini mbumba unagwera ine, mwamuna yekhayo wotsala, munthu amene ndinkalephera kuyankha moni osayang'ana pansi. Lute ankanditchula kuti "asibweni", ndipo ndikamapita kumunda ankandigwira kabudula kuti ndisamusiye.

Ndinali nditamaliza Sitandade 3 pa sukulu ya m'mudzi. Mwezi umenewo kunabwera mlangizi wa zaulimi, a Jelemiya, munthu wa kumtunda. Anali ndi njinga, malaya a khaki ndi chingwe chachitali chokhala ndi mfundo choyezera mizere. Anafunsa aphunzitsi kuti awapezere mnyamata wodziwa kuwerenga komanso womvera. Aphunzitsi sanaganize nthawi yaitali.

"Mphwanga," a Jelemiya anatero titakhala pansi pa mango, "bwana wathu wachizungu akufuna munda umodzi wachitsanzo kuno kunyanja. Mizere yowongoka, uku chimanga chokhachokha, uko thonje lokhalokha. Osati zanuzi, zongosakaniza ngati ndiwo za pamaliro. Munda wanu uli m'mbali mwa msewu, ngoyenera. Ukakongola, chaka chamawa ukupita kusukulu ya ulangizi. Udzavala ngati ine."

Palibe munthu wamkulu amene anandisankhapo pa chilichonse. Ndinavomera asanamalize kulankhula.

Munda wathu unali wa matutu. Pa tutu lililonse panali chinangwa, china cha zaka ziwiri, china chongobzalidwa chaka chomwecho, ndipo mvula ikagwa amayi ankaponya m'mipata chimanga, maungu, khobwe ndi mapira pang'ono. Kuti mizere ilowe, chinangwa chonse chinayenera kuchoka.

"Chinangwa sachizula tsiku limodzi," amayi anatero. "Imeneyo ndi nkhokwe yapansi. Umatapa zimene udye, zina umasiyira chaka choipa."

"Amayi, akuti matutu amathetsa nthaka. Zalembedwa m'buku."

"Bukulo linalimako kuno? Mzunguyo kwawo amadya chiyani?"

Ndinangobwerezabwereza mawu a a Jelemiya masiku atatu, mpaka amayi anatopa.

"Mwini mbumba ndiwe," anatero. "Ukati tizule, tizula."

Sikunali kuvomera kumeneko. Unali mwambo chabe, ndipo ine ndinkadziwa.

Tinazula masiku asanu ndi limodzi. Chokhwima tinachiviika m'dambo n'kuchiyanika kuti chikhale makaka. Chanthete chinali ngati zala, tinaponyera mbuzi. Mitengo yake a Jelemiya anati tiotche chifukwa imasunga matenda, ndipo tinaotchadi.

Oyandikana nafe munda anali aNambewe, mayi wamasiye wa pakamwa pakuthwa, amene ankalera zidzukulu zisanu. Ankaimirira patutu pawo manja ali m'chiuno kumationerera tikukoka chingwe.

"Tiwaone aphunzitsi a chimanga! Mukatha kuwongola mizereyo mubwere kuno mudzawongolenso msana wangawu."

Iwo anakana kuphwanya matutu awo, ngakhale boma linali litalamula kuti aliyense alime mizere. Anawatengera kubwalo, anawalipiritsa, anagulitsa nkhuku ziwiri, koma chinangwa chawo sanachikhudze. Ine ndinkati ndi umbuli.

Disembala

Mvula inabwera bwino kumapeto kwa Novembala. Mbewu inachokera ku boma, ndipo phando lililonse ndinaliyeza ndi kamtengo. Ndinena zoona, munda unakongola. Chimanga chinamera mofanana ngati asilikali pa pelete. Anthu opita ku Salima ankatsika panjinga kuti aone. Ndinalemba ndekha chikwangwani cha MUNDA WACHITSANZO, ndipo zilembo zake ndinazibwereza katatu kuti zisapendekeke.

Mzungu wa zaulimi anabwera pagalimoto. Anali wamtali, wa mawondo ofiira, ndipo anthu anali atamupatsa kale dzina loti Bwana Mizere. Anayenda mumzere umodzi mpaka kumapeto, anabwerera mumzere wina, n'kundigwira chanza. Dzina langa analifunsa kawiri, kawiri konseko analitchula molakwa. Amayi anaima chapatali ndi khasu lawo. Mundawo anaulima zaka makumi atatu, ankadziwa pamene madzi amakhala ndi pamene amathawa, koma palibe anawafunsa kanthu, ngakhale moni.

Pa Khirisimasi mvula inagwa tili m'tchalitchi. Inalira pa udzu wa denga mpaka nyimbo sizinkamveka. Tinatuluka tikuseka, Lute ndinamubereka pakhosi. Imeneyo inali yomaliza.

Januwale

Dzuwa linkatuluka ngati la mu Okutobala. M'mawa mitambo inkasonkhana kunyanja, tonse maso kumwamba, pofika masana yabalalika. Masamba a chimanga anapotana. Chinayamba kutulutsa ngayaye chili m'mawondo, ndipo aliyense wolima amadziwa tanthauzo lake.

Akhirisitu tinapemphera. Asilamu a kugombe anapemphera. Akuluakulu ena anapita kukathira nsembe kuthengo, ndipo mwa iwo munali madikoni awiri amene anapempha kuti zisamveke. Mphekesera zinachuluka. Ena ankati mizere yakwiyitsa mizimu. Ena ankati azungu amanga mvula kuti amuna akalembetse Wenela, ntchito ya kumigodi. Ena ankati chimanga chimene tinagulitsa chaka chatha chinakwera sitima ndipo sichidzabwerera. Ine ndinkatsutsa zonsezo mwaulemu, monga ndinaphunzitsidwira.

Chilungamo n'chakuti dzuwa silinasankhe. Linaotcha chimanga cha m'mizere, linaotchanso cha m'matutu. Kusiyana kunali kumodzi. Chinangwa cha aNambewe chinayoyola masamba n'kuima chiimire ngati chafa, koma pansi chinali chamoyo. Ife pansi pathu panalibe kanthu.

Timvula tinabwera mu Malichi. Amene anali ndi madimba anabzalanso. Ife mbewu inali itatha, ndipo thonje linadyedwa ndi mbozi.

Meyi

Tinakolola madengu awiri a chimanga cha zitsononkho zazifupi. Makaka anali atatsala ochepa, ofumbwa. Amayi anawaika pansanja n'kuyamba kuyeza chakudya ndi kambale.

Tsiku lina a Jelemiya anafika thukuta lili kamukamu.

"Bwana akubwera Lachinayi ndi alendo ochokera ku Zomba. Akufuna kuona zokolola za munda wachitsanzo. Nkhokwe ili bwanji?"

Ndinawatengera kukaona. Anasuzumira, kenako anakhala pansi pamwala.

"Mphwanga, tamvera. Bwana akaona izi sadzati mvula. Adzati Jelemiya ndi waulesi, Lameki ndi waulesi. Ine ntchito yatha, iwe sukulu yatha. Ndili ndi ana asanu."

"Nanga titani, a kapitawo?"

"Mapesi muli nawo ambiri."

Tinadzaza nkhokwe ndi mapesi ndi udzu mpaka pafupi ndi pakamwa. Pamwamba tinayala madengu athu awiri aja, ndi atatu amene a Jelemiya anabwereka kwa munthu wa dimba. Zitsononkho zazikulu tinaziika poonekera. Amayi anatenga mtsuko n'kupita kumadzi, ndipo sanabwere mpaka titamaliza. Lute ankayesa masewera. Ankanyamula phesi limodzilimodzi n'kumandipatsa. "Asibweni, lina!"

Lachinayi galimoto zinabwera ziwiri. Tinagudubuza mtondo n'kuuvundikira kuti bwana apondepo. Anakwera, anasuzumira, anatola chitsononkho chachikulu n'kuchionetsa kwa alendo. Onse anagwedeza mitu. Mmodzi anandifunsa kudzera mwa womasulira:

"Chakudya ichi chikufikitsani ku zokolola zina?"

Ndinaona a Jelemiya akundiyang'ana. Ndinaona bwana akumwetulira. Pa moyo wanga wonse ndinali ndisanakhumudwitsepo munthu wovala nsapato.

"Inde, bwana."

Galimoto zitapita, mwini dimba anabwera kudzatenga madengu ake atatu. A Esitere anali ataima pakhomo nthawi yonseyo.

"Iwe Lameki, wawauza chiyani anthu aja?"

"Ndangoti inde."

"Chabwino. Uzikadya indeyo."

Bodza linali langa ndi la a Jelemiya, sindikana. Koma mpaka lero ndimafunsa: munthu amene anaphunzira zaulimi kutsidya kwa nyanja, amene podza kuno anadutsa minda yopserera kuyambira ku Salima mpaka pakhomo pathu, anakhulupirira bwanji kuti munda umodzi wokha unali ndi mvula yakeyake? Mwana aliyense wa kumudzi akafuna kudziwa za m'nkhokwe amapisa mkono. Iye akanapisa mpaka m'chigongono akanagwira mapesi. Sanapise chifukwa sankafuna kudziwa. Ankafuna chitsononkho chimodzi choti aonetse alendo, ndipo tinamupatsa.

Sepitembala

Chimanga chathu chinatha mu Julayi, makaka anatha mu Ogasiti. Debe la chimanga limene kale tinkagula ndi sheleni imodzi linafika pa masheleni asanu, kenaka ngakhale wa ndalama sankalipeza. Mbuzi yathu yaikazi inapita ndi lichero limodzi la madeya. Yotsalayo tinadya.

Ndinapita kugombe kukakoka khoka kwa Che Saidi, msodzi amene ankadziwana ndi malemu bambo anga. Anandiyang'ana manja n'kuseka.

"Wallahi, manja awa ndi a pensulo. Koma gwira chingwe, mwana wa mnzanga, pano sitiyeza mizere."

Malipiro anali utaka wodzaza manja anayi. Tinkauyanika, ndipo ukachuluka ndinkausenza kupita kumapiri a ku Dowa kukasinthitsa ndi chimanga, ulendo wa masiku atatu. Koma onse a kunyanja ankachita zomwezo. Nsomba zinachuluka m'njira, chimanga chinachepa, ndipo ulendo wachitatu ndinabwera ndi kathumba koti Lute akanatha kunyamula. Nsomba zokhazokha sizikhala m'mimba. Umadya, patapita kanthawi njala yabweranso.

Amayi ndi a Esitere ankalowa m'dambo kukazula nyika, mizu ya maluwa a m'madzi, madzi ali m'chifuwa, wina akuyang'anira ng'ona. Tinaphika mango aang'ono osakhwima, tinasinja mizu ya nthochi. M'mudzi aliyense anasankha njira yake. Amuna ambiri anakwera sitima, ena anatsazika, ena ayi. Bambo wina anachotsa chitseko cha nyumba yake n'kukachigulitsa kwa mmwenye. Wina anauza mkazi wake kuti aliyense aziphika m'poto mwake.

Kenaka tinamva kuti boma latsegula malo ogawira chimanga ku Salima, ndipo kuti munthu alandire ankayenera kukhala ndi tikiti. Mesenjala anabwera kudzagawa matikiti nyumba ndi nyumba. Atafika pakhomo pathu anapitirira.

"Pepani, bambo, mwatidumpha," amayi anatero.

"Sindinakudumpheni, mayi. Nyumba iyi bwana anaiona ndi maso ake. Ili ndi nkhokwe yodzaza. Musadyere masuku pamutu anzanu."

Ndinathamangira kwa a Jelemiya. Ananditengera kuseri kwa nyumba.

"Usapite pamzere, mphwanga. Banja lachitsanzo likaima pamzere wa njala, anthu adzati chiyani za malimidwe atsopano? Ndipatse masabata awiri, ndikonza mwakachetechete."

Anandipatsa mbale ya madeya. Ndinathokoza, ndinawomba m'manja, ndinabwerera kunyumba kukauza amayi kuti tidikire. Masabata awiri atatha anati awiri ena. Pa zolakwa zanga zonse za chaka chimenecho, kudikira kumeneku ndiko kwakukulu. Ndinkaopa kuoneka wamwano kuposa mmene ndinkaopera njala.

Novembala

Mvula yoyamba itagwa, a Jelemiya anaitanitsa mudzi wonse. Anali ndi pepala latsopano lochokera ku boma. Anati pakhosi pawo pakupweteka, ndiye anandipatsa ine kuti ndiwerenge. Ndinaimirira n'kuwerenga mawu amodzimodzi monga ankatiphunzitsira: nyumba iliyonse ibzale chinangwa, pakuti chinangwa chimapirira chilala, ndipo wokana adzalipitsidwa.

Kenako aNambewe anayamba kuseka. Anaseka mpaka anagwira pansi.

"Bwerezani, aphunzitsi, makutu angawa ndi akale. Mwati tibzale chiyani? A kapitawo, nkhuku zanga ziwiri zija zibwera liti?"

A Jelemiya ankangokonza unyolo wa njinga yawo, umene sunali wowonongeka.

Lamulo linabwera lopanda mbewu. Mitengo ya chinangwa inali kwa okhawo amene anakana kumvera chaka chatha. Amayi anandiuza kuti nditsogole kwa aNambewe, popeza mwini mbumba ndine. Ndinakagwada pakhomo pawo. Sanandilalatire monga ndinkayembekezera. Anadula mtolo wa mitengo, anakumba mitsitsi inayi n'kuika m'dengu la amayi.

"Sindikupatsa iwe," anatero, "ndikupatsa Lute. Koma usayese kuti ndili ndi zambiri. Ndili ndi pakamwa pasanu, ndipo akuba andithera theka la munda."

Chinangwa chobzala lero chimadyedwa chaka chamawa. Zimenezi pepala lija silinanene. Tinabzala chikhalirecho, tinaunda matutu tili chogwada chifukwa kuimirira kunkatichititsa chizungulire. Chimanga cha mbewu chinali chodzaza manja awiri, chimene amayi anabisa m'chigulu osatiuza. Chikwangwani chija a Esitere anachiwaza n'kuphikira nyika.

Lute anasiya kuthamangitsa nkhuku za eni. Tsitsi lake linafiira n'kuyamba kupyapyala. Mapazi anatupa moti ukadina ndi chala pankatsala dzenje. Ankakhala pamphasa tsiku lonse, osalira, osaseka. Ndikamapita kumunda ankangondiyang'ana.

Disembala yense anatha choncho. Kwa a Jelemiya ndinapita kanayi. Kawiri ndinauzidwa kuti achokapo, njinga yawo ili pakhonde.

Januwale wachiwiri

Tsiku lina m'mawa a Esitere anandipeza ndikunola khasu. Anaika Lute pamiyendo panga. Anali wopepuka ngati nkhuku.

"A mwini mbumba, mbumba yanu ndi imeneyi. Mawa ine ndikupita ku Salima. Mukapanda kukalankhula inu ndikalankhula ine, ndipo ndikayamba ndi dzina lanu."

Tinanyamuka tambala woyamba atalira, Lute tikuberekerana. Tinafika dzuwa lili paliwombo. Mzere unali wautali, wokhotakhota mpaka kuseri kwa masitolo. Anthu ambiri sankaima, ankakhala pansi n'kumakhwekhwereza matako mzere ukasuntha. Kutsogolo kunali tebulo, kalaliki, amesenjala awiri okhala ndi zikoti, ndipo pambali, pansi pa mtengo, Bwana Mizere ndi a Jelemiya, pakuti a zaulimi ndiwo ankathandiza kugawa.

Popanda tikiti mzerewo unalibe ntchito. Ndinatenga Lute n'kulunjika kumtengo kuja. Mesenjala anandiopseza ndi chikoti, koma bwana anandizindikira.

"Aa, mnyamata wa munda wachitsanzo!"

Mawu amene ndinakonza m'njira monse anathawa. Ndinayang'ana pansi monga mwa nthawi zonse, ndipo pansipo ndinaona mapazi a Lute akulendewera.

"Bwana, nkhokwe ija inali ya mapesi."

Womasulira anandifunsa kuti ndibwereze. Ndinabwereza mokweza, moti a pamzere anamva.

"Inali ya mapesi ndi udzu. Chimanga chinali pamwamba pokha, china chobwereka. Tinakolola madengu awiri. Chinangwa chathu tinazula chifukwa cha mizere yanu. Chakudya chinatha mu Ogasiti, ndipo tikiti anatimana chifukwa cha nkhokwe imene munaona. Mwana uyu ndi wa mlongo wanga."

Bwana anafiira mpaka m'khosi. Anayang'ana a Jelemiya, a Jelemiya anayang'ana nsapato zawo. Bwanayo sanamuyang'ane Lute.

"Bwanji sunanene kale?"

Funso limenelo linali loona, ndipo linandilasa. Ndikanakhala wolimba mtima ndikanamufunsa kuti ndi liti pamene anatifunsapo chinthu akufuna yankho lina losakhala inde. Koma ndinangoti, "Ndinkaopa, bwana."

Analankhula kanthawi ndi womasulira, ndipo womasulirayo anatembenukira kwa ine.

"Akuti ngati munakolola madengu awiri okha, ndiye kuti malangizo simunawatsate bwino."

Phando lililonse ndinaliyeza ndi kamtengo. Udzu ndinapalira katatu. Palibe mzere umodzi umene unakhota. A Esitere anatsegula pakamwa kuti ayankhe, koma ndinawagwira mkono chifukwa kalaliki anali atayamba kulemba tikiti. Analemba anthu anayi. Za sukulu ya ulangizi palibe anatchulanso. A Jelemiya ndinamva pambuyo pake kuti anawasamutsira ku boma lina, ndi njinga yomweyo, ndi chingwe chomwecho.

Sindikunena kuti mizere ndi yoipa. Lero ndimalima mizere, ndipo pamalo otsetsereka imagwiradi madzi. Chimene chimandiwawa n'chakuti anthu amene sankadya za m'munda mwathu anabwera kudzayesera nzeru zawo pa chakudya chathu. Zikakhoza, nzeru ndi zawo. Zikalephereka, ulesi ndi wathu. Iwo analakwitsa pepala limodzi, chaka chotsatira analemba lina. Ife tinalibe Lute wina.

Febuluwale

Chimanga tinachipeza, koma chinabwera mochedwa. A Esitere ankaphika phala losalala n'kumamumwetsa Lute ndi kasupuni. Silinkakhala m'mimba. Anatsekula masiku ambiri, kenako kukamwa kunatuluka zilonda, anayamba kukana ngakhale madzi. Anamwalira m'mawa, mvula ikugwa bwino, chimanga m'minda chitatulutsa ndevu.

Pa mwambo wathu mbale sakumba manda a mbale wake. Imeneyo ndi ntchito ya adzukulu. Koma adzukulu anabwera awiri okha, ndipo mwezi umenewo anali atakumba kale manda ambiri osadya kanthu. Atafika m'mawondo, mmodzi anachita mdima m'maso n'kukhala pansi m'dzenje momwemo. Winayo, wachikulire, anandiitana n'kundipatsa khasu.

"Ayi," amayi anakuwa ali patali, "ameneyo ndi mtsibweni wake!"

"Tikudziwa, mayi. Koma chaka chino mwambo nawonso uli ndi njala."

Ndinavula malaya n'kulowa. Nthaka inali yofewa chifukwa cha mvula, ndipo dzenjelo silinafunike kutalika.

Malichi

Maungu anayamba kubala, khobwe anacha, ndipo chapakati pa mwezi amayi anathyola chimanga choyamba cha m'matutu. Anatichenjeza kuti tidye pang'onopang'ono, poti m'mudzi woyandikana nawo munthu anafa atadya mondokwa wambiri mimba itazolowera kukhala yopanda kanthu. Tinadya monga anatiuzira. Kuchokera tsiku la maliro panali patangopita masabata atatu.

Si onse anali ndi chothyola. ANambewe mbewu yawo ya chimanga anali atadyetsa ana, chinangwa chinali chitatha, ndipo kamdzukulu kawo kotsiriza, Yosefe, kanali katayamba kutupa mapazi. Tikiti yawo inali ya anthu anayi ngakhale anali asanu ndi mmodzi, chifukwa mesenjala anati ali ndi chinangwa.

Tinamva kuti kugawa kwa ku Salima kutsekedwa kumapeto kwa mwezi, choncho ine ndi a Esitere tinapita komaliza. Lamulo linali lakuti munthu akamwalira unene kuti achotsedwe pa tikiti. Ndinkalidziwa bwino lamulolo, ndinali nditaliwerengera anthu ena pachikwangwani cha pamalo ogawirapo. Titafika patebulo kalaliki anatenga tikiti osadzutsa mutu.

"Anthu anayi. Alipo onse?"

A Esitere anandiyang'ana. Aka kanali koyamba kundiyang'ana m'maso chichokereni kumanda. Ine ndinayang'ana kalalikiyo, osati pansi.

"Alipo onse."

Anathira miyeso inayi m'thumba. Titatuluka m'tauni a Esitere anayala nsalu yawo pansi, anapungulira muyeso umodzi n'kumanga paokha. Pofika kumudzi sanalowe m'nyumba mwathu, anapitirira mpaka kwa aNambewe.

Yosefe anachira. Lero ndi bambo wa ana ake, ali ndi ngalawa ziwiri zimene zimapita ku chilumba cha Mbenji.

Njala itatha ndinapita kwa akulu a mpingo kukaulula za chaka chonsecho, ndipo anandiimitsa mgonero miyezi isanu ndi umodzi chifukwa cha nkhokwe ija. Ndinawauzanso za muyeso wachinayi. Anandifunsa ngati ndikulapa. Ndinati pa zina zonse ndikulapa, koma pa chimenecho ayi. Anawonjezera miyezi itatu, ndipo ndinaikhala.